Mbali Yakumanja ya Fulu

Amuna anga, a Idi, ndi makaniko wa injini za maboti, ndipo pa ntchito imeneyo palibe angawanene. Injini imene yakanika anthu onse, iwo amangoitchera khutu, n'kuimasula pang'ono, basi yalira. Koma munthu aliyense ali ndi matenda ake, ndipo a iwowa ndi akasinja. Sindikunena akasinja enieni a asilikali ayi, koma ting'onoting'ono ta malata toti n'kukwana m'manja awiri. Amuna a anzanga akaweruka amapita ku bawo kapena kukaonera mpira. Angawa amakhala pakhonde ndi mbaula, lumo la malata, rula ndi mtovu, n'kumawotcherera timawilo tochepa ngati mabatani a malaya.

Anayamba ndi magalimoto a mawaya ali mwana, monga amachitira anyamata onse, kungoti anzawo atamera ndevu anasiya. Iwo m'malo mosiya anagula foni, n'kupezamo gulu la anthu odwala matenda omwewo, ena a ku Ulaya, ena a mayiko oti ine sindinawamvepo n'komwe. Kumeneko ndiye anakatengako lamulo limene linatisowetsa mtendere m'nyumba muno. Lamulo lake n'lakuti chilichonse chimene chinali pa galimoto yeniyeniyo chikhalenso pa kakang'onoko, pamalo pake, chitachepetsedwa mofanana ndi zinzake zonse. Ngati pachitseko panali mabawuti anayi, usaikepo asanu chifukwa choti akukongola.

Kenako kunabwera Fulu. Dzinali ndinapereka ndine, chifukwa dzina lake lenileni ndi zilembo ndi manambala zosagwirika pakamwa. A Idi anandifotokozera kuti Fulu si kasinja wamba. Kasinja amakhala ndi mutu wozungulira pamwamba, koma uyu analibe, anali wamfupi, wophwatalala, ndi chimfuti chachitali chotulukira kutsogolo. Ntchito yake inali kubisala m'tchire n'kumadikirira akasinja a adani kuti awaphwanye. Anapangidwa mmodzi yekha kalekale m'dziko lina la ku Ulaya, anamuyesa, akuluakulu sanamukonde, ndipo anamudula n'kumugulitsa ngati zitsulo zakutha. Sanamenyepo nkhondo ngakhale tsiku limodzi.

“Ndiye mwasankha galimoto imene eni ake omwe anaikana?” ndinawafunsa.

“N'chifukwa chake ndaisankha, mayi a Sumaiya,” anayankha. Sumaiya ndi mwana wathu woyamba, amene anakwatiwa ku Chinguluwe, ndipo nthawiyo anali woyembekezera. “Enawa aliyense anapanga kale. Uyu palibe amene anamupangapo.”

Chimene chinatsala cha Fulu padziko lonse lapansi ndi zithunzi ziwiri basi, zakuda ndi zoyera. A Idi anakazisindikizitsa pa boma, zikuluzikulu, n'kuzikuta ndi pulasitiki kuopa mafuta a injini. M'zithunzi zonse ziwiri mfuti inkaloza kumanzere, kutanthauza kuti zonse zinkaonetsa mbali yakumanzere ya galimotoyo. Komabe sizinkafanana. Choyamba chinali ndi fosholo ndi bokosi la zipangizo m'nthiti mwake. Chachiwiri chinali ndi kachitseko ndi paipi ya utsi, ndipo pambali pake panaima azibambo atatu. A m'gulu muja anagwirizana kale kuti akatswiri aja anasintha zinthu atamuyesa koyamba, ndiye nkhani inathera pomwepo. A Idi anatsatira chithunzi choyamba chifukwa ndicho chinali chowala bwino.

Mbali yakumanzereyo inatuluka mokongola, ndisaname. Zitini zanga za mafuta ophikira zinathera pamenepo, eriyo ya wailesi yathu inasanduka mfuti, ndipo tcheni cha mawilo anachilumikiza kachidutswa kamodzikamodzi mpaka maso kufiira. Fosholo yake inali yochepa kuposa chikhadabo changa, koma inali fosholo ndithu, ya mpini wamtengo. Ukamutembenuza Fulu, mbali yakumanja, kupatula mawilo, linali lata losalala lopanda kanthu, chifukwa mbali imeneyo panalibe munthu wamoyo amene anaionapo.

Chaka chathachi mayi wina wa ku Lilongwe, dzina lake Triza, amene amakonza chionetsero cha ntchito zamanja, anaona Fulu pa foni n'kuwaimbira a Idi kuti abwere naye. Chionetserocho chinali cha mu Epulo, sabata yomweyo imene amatsegulira chilumba cha Mbenji. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti dzinja lonse chilumbachi chimakhala chotseka kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa asodzi amakhamukirako, a Idi nawonso n'kupita nawo kukayang'anira injini. Akapita kumeneko sabwerako msanga. Choncho Fulu ankayenera kutha chilumba chisanatsegulidwe, ndipo wopita naye ku Lilongwe ndinali ine.

Ine ndinasangalala kwambiri. Kunyumba ndimawaseka amuna anga mmene ndingafunire, ndi anga, koma zimandiwawa anthu a padoko akamawatchula kuti makaniko wa zidole. Ndinkafuna kuti ntchito yawo ikaonedwe ndi anthu oti akaime n'kudabwa, kamodzi kokha. Koma eni akewo anangopukusa mutu.

“Ndikapanda kupeza mbali yakumanja, Fulu sapita kulikonse,” anatero.

“Bambo a Sumaiya, tangokoperani zakumanzerezo muike kumanja. Fosholo kuno, fosholo uko. Adziwa ndani?”

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti tisakanize usipa wadzana ndi walero. “Ndidziwa ndine,” anatero.

“Nanga mwini galimotoyo adzabwera kudzakusumirani? Anthu ake anafa kalekale!”

“Ndiye ndiwanamizire chifukwa choti anafa?”

Ndinapsa mtima mpaka ndinakatsuka mbale zotsuka kale. Munthu wouma mutu ngati ameneyu sindinamuonepo, ndipo choipa kwambiri n'chakuti amaumitsa mutuwo akumwetulira.

Dzinja lonse linathera pa kufufuza. Foni imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa nyumba yathu, ndiye pachulupo ndi pamene panasanduka ofesi. Mvula ikamagwa ankakwerapo ndi ambulera. Analembera nyumba zosungira zinthu zakale, ena anayankha mwaulemu kuti alibe kanthu, ena sanayankhe n'komwe. Anaonera mafilimu akale a asilikali akuguba, akuimitsa pena paliponse pamene padutsa chinthu chophwatalala. Tsiku lina anatsika pachulu akuthamanga, akufuula kuti mkulu wina wa m'gulu watumiza chojambula cha mbali yakumanja. Tinavina pabwalo tonse awiri, ine ndi chipande m'manja. Madzulo ake atawerenga mawilo anapeza kuti chinali chojambula cha galimoto ina, mawilo ake anali ochuluka. Anangoti, “Alhamdulillah, tadziwa kuti si imeneyo,” n'kupita kukaswali.

Mvula itayamba kudukiza, maboti anayamba kupakidwa utoto, maukonde akusokedwa pamchenga, injini zikubwera pakhomo pathu motsatizana. Nthawi ya Fulu inayamba kuchepa. Ndinaona a Idi atamutenga n'kumuika pamwamba pa kabati, atamufunditsa kansalu. Ndinadziwa kuti ayamba kutaya mtima, ndipo zinandimvetsa chisoni kuposa mmene ndinkaganizira.

Lachisanu lina, kutatsala masiku owerengeka kuti chilumba chitsegulidwe, kunabwera bambo anga, a Che Muhammad, pa njinga yawo kuchokera kwa Maganga. Anaswalira ku mzikiti wa kuno, kenako anafika pakhomo kudzamwa tiyi. Bambo angawa ndi munthu wa mwambo mochita kunyanya. Tili ana, ukalandira chinthu ndi dzanja lamanzere ankachilanda, n'kudikira mpaka utatambasula lamanja, linalo litagwira pachigongono. Za akasinja alibe nazo ntchito m'pang'ono pomwe, ndipo amaona kuti mkamwini wawo ndi munthu wabwino amene Mulungu anamupatsa kachilema kamodzi.

Zithunzi zija zinali patebulo. Ababa anatenga chachiwiri chija, anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuchiyandikiza kumaso. Galimotoyo sanaiyang'ane n'komwe. Maso awo anapita pa azibambo atatu aja, amene a Idi ankangowagwiritsa ntchito poyezera kutalika kwa mawilo.

“Asitaghafirullah!” anatero ababa, n'kuika kapu pansi. “Anthu awa analeredwa ndi ndani?”

“Bwanji, ababa?” ndinafunsa.

“Taona wekha, Saida. Awiriwa akupatsana moni ndi manja amanzere. Akuluakulu athunthu, a zipewa kumutu!”

A Idi anaseka. “Ndi azungu amenewo, ababa. Kwawoko mwina zilibe kanthu.”

“Apongozi, musandiuze za azungu ine. Ndagwira ntchito kuhotela ku Senga Bay mpaka imvi izi, ndapatsana moni ndi azungu a mitundu yonse, oledzera ndi osaledzera omwe. Palibe ndi mmodzi yemwe anandipatsa lamanzere. Nanga uyu wachitatuyu? Msilikali wanji wochitira sawasha ndi dzanja lamanzere? Mwana wa munthu mmodzi akhoza kukhala wamanzere, zimachitika. Koma atatu onse, pamalo amodzi? Kumeneko ndi kusaleredwa basi.”

Ine ndinayamba kuseka, koma nditatembenuka ndinaona a Idi atasiya. Anali atangoti kukamwa yasa, maso ali pa chithunzicho. Kenako anadzuka mwadzidzidzi mpaka mpando kugwa chagada, n'kuthamangira kuchipinda. Tinamva msomali ukuzuka pakhoma, ndipo anatulukira atanyamula kalilole wanga wodziyang'anira.

“Mayi a Sumaiya, gwirani apa. Ababa, pepani, tabwereka chithunzicho.”

Ndinagwira kalilole, iwo n'kuimika chithunzi patsogolo pake. Tonse atatu tinasuzumiramo, mitu kugundana. M'kalilolemo azibambo awiri aja ankapatsana moni ndi manja amanja, msilikali uja sawasha wake ali kumanja, ndipo mfuti ya Fulu inkaloza kumanja.

“Eyaa,” anatero ababa, mtima uli m'malo. “Tsopano akhala anthu.”

A Idi sanawamve. Ankayankhula motsitsa, chala chikuyenda pagalasi. Anati zithunzi zakale ankazitsuka kuchokera pa kafilimu koonekera mbali zonse, ndipo wotsukayo akakatembenuza, chithunzi chimatuluka chotembenuka, kumanja kukhala kumanzere. Akatswiri aja sanasinthe chilichonse. Kachitseko ndi paipi ya utsi zinali mbali inayo kuyambira kale.

“Mayi a Sumaiya,” anatero, “iyi ndi mbali yakumanja. Yakhala patebulo pano nthawi yonseyi, ine ndikukwera pachulu.”

Ndinaika kalilole pansi n'kuyamba kululutira. Anthu oyandikana nafe anatuluka kuganiza kuti Sumaiya wachira. A Idi anawagwira ababa dzanja ndi manja awiri, akuwagwedeza osasiya, misozi ili mbwembwembwe, ndipo ababa ankangoyang'ana ine kuti ndiwamasulire chimene chachitika. Nditawafotokozera anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Ndiye anthu onse a m'foni mwanuwo, zaka zonsezi, palibe anaona manja a anthuwa?”

“Timayang'ana mabawuti, ababa,” anayankha a Idi akupukuta m'maso.

“Hmm. Saida, tawonjezera tiyi.”

Amuna anga ndi munthu wosakhulupirira chinthu msanga, ngakhale chimene akuchifunitsitsa. Anakwera pachulu n'kukafunsa gulu lija kuti nawonso ayese. Foni inalira tsiku lonse ngati ya munthu wogulitsa chambo. Wina anapeza kuti mtengo wopindika umene uli kumbuyo m'chithunzi chachiwiri ukuonekanso pa chithunzi china cha bwalo lomwelo, utapindikira mbali ina. Wina anakumbutsa kuti pa magalimoto a mtundu umenewu mawilo a mbali imodzi amakhala patsogolo pang'ono kuposa a mbali inayo, ndipo n'chifukwa chake mawilo a zithunzi ziwirizi ankakana kufanana. Mkulu uja amene anatumiza chojambula cholakwika analemba kuti wakhala akuseka yekha m'nyumba mpaka galu wake kuuwa. A Idi anawauza onse kuti wapeza ndi apongozi awo, a Che Muhammad a kwa Maganga, ndipo anthu a mayiko akutali anayamba kutumiza moni kwa ababa. Iwo anati awauze kuti alandira, ndipo ana awo aziwaphunzitsa mwambo.

Nkhani ya mawiloyo inabweretsa ntchito ina, chifukwa a Idi anali atawotcherera kale mawilo akumanja molingana ndi akumanzere. Anawachotsa onse n'kuwasuntha pang'ono, pang'ono pake poti ine ndi maso angawa sindinkaona kusiyana. Sindinatsutse. M'mawa ankakonza injini za anthu, masana akangodya n'kukhala pakhonde, ine ndikukupiza mbaula kuti chitsulo chowotcherera chisazizire. Ntchito yanga ya usipa ndinaisiyira mnzanga. Paipi ya utsi inachokera ku nthiti ya ambulera yanga yatsopano, ndipo ndinaithyola ndekha, osapemphedwa. Kachitseko kanawavuta, kanakana kangapo, koma pomaliza kanatseguka n'kutsekeka pa timahinjesi take. Ankaimba nyimbo za kumadrasa akugwira ntchito, mawu awo oipa aja, ine n'kumavomera.

Utoto unauma kutatsala tsiku limodzi. M'mawa wa tsiku lotsegulira chilumba ndinawaperekeza a Idi padoko, pali piringupiringu wa anthu, maboti atadzaza maukonde, nkhuni ndi matumba a ufa. Akazi sitiponda ku Mbenji, ndiye malire anga anali pamchenga. Anandilangiza kambirimbiri za kanyamulidwe ka katoni, kuti mfuti isagunde m'mbali, kuti ndisamuike padzuwa.

“Ndinanyamula ana anu kumsana osagwetsa ndi mmodzi yemwe,” ndinawauza. “Kwerani boti, anzanu akudikira.”

Mawa lake ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, katoni ili pamiyendo. Kondakitala anafuna kuiika kumbuyo pamodzi ndi madengu a nsomba, ndipo ndinamuyankha mawu oti mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali. Msewu wonse wa zitunda uja ndinaikumbatira, minibasi ikadumpha ine mtima m'mwamba.

Holo yake inali yaikulu, yodzaza ziboliboli, madengu, nsalu ndi mipando ya nsungwi. Mayi Triza anandilandira bwino, natsegula katoni, n'kusuzumiramo. Kenako anaitana anzawo kuti adzaone fosholo. Atatha kudabwa anandilozera shelefu yabwino ndithu, yotsamira khoma, pafupi ndi khomo.

“Pamenepo ayi, mayi,” ndinatero.

“Ndi pamalo poonekera, mayi Saida. Aliyense wolowa ayambira pamenepo.”

“Pakhoma aona mbali imodzi. Chinthuchi chili ndi mbali ziwiri, ndipo inayo yatidyera dzinja lonse ndi ambulera yanga. Ndipatseni tebulo pakati.”

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso, osaphethira. Anaseka n'kuuza anyamata kuti asunthe mitondo yosema imene inali pakati pa holo. Ndinayala nsalu yanga yoyera, n'kumukhazika Fulu pamenepo, ndipo pambali pake ndinaimika chithunzi chija ndi kalilole.

Ine amene ndinkati za akasinja zimandipweteketsa mutu, tsiku limenelo ndinayankhula mpaka mawu kusasa. Ndinafotokozera ana a sukulu, azimayi a zikwama zonyezimira, ngakhale asilikali awiri amene anawerama n'kumawerenga mawilo. Ndinawauza kuti galimotoyi inapangidwa imodzi yokha, kuti mbali iyi palibe anaidziwa mpaka mwezi uno, ndi kuti anaipanga ndi amuna anga, a Idi, makaniko wa ku Salima. Dzinalo ndinkalitchula mokweza dala.

Dzuwa litapendeka foni yanga inalira. Anali iwowo, mphepo ikuwomba m'mawu awo. Anati akwera pamwamba pa thanthwe pamene pamagwira foni, ndipo asodzi ena ali pamzere kudikira malowo.

“Wafika bwino? Mfuti sinapindike?”

“Wafika bwino, sinapindike.”

“Kachitseko?”

“Kakutseguka. Ndatsegulira anthu mpaka chala kuwawa.”

Ndinkamva mafunde kumbuyo kwawo. Kenako anafunsa mwamanyazi, ngati mwana wofunsa zotsatira za mayeso.

“Nanga anthuwo akuyang'ana mbali iti?”

Ndinakweza maso. Patebulo paja panali bambo wina wa tayi, mtsikana atanyamula mwana, ndi agogo ena a ndodo, onse atawerama, akuyenda pang'onopang'ono motsatana, kuchoka ku fosholo kupita ku kachitseko, n'kubwereranso ku fosholo.

“Akuzungulira, bambo a Sumaiya,” ndinatero. “Akungozungulira.”